Mkazi Mnzanga Asazime

A Mawaya anali munthu woona ndi makutu. Zaka makumi atatu ndi ziwiri zokonza magetsi a galimoto zinawasiyira khutu loti dalaivala akangopotokola kiyi, iwo ali poteropo ndi kapu ya tiyi kumanja, ankadziwa kale ngati vuto ndi batire, sitata kapena waya wotayirira. Dzina lawo lenileni linatsalira pa laisensi. Ku galaja, mumsewu wa kwawo, ngakhale pakamwa pa akazi awo, anali a Mawaya basi.

Koma tsopano khutu lonselo linalibe ntchito ina koma kumvetsera firiji.

Sindikunena chifiriji cha kukhitchini chija ayi. Iyi inali ya paulendo, bokosi lotuwa la zogwirira uku ndi uku, loti munthu mmodzi atha kunyamula ngati msana wake ukadali wake. Chivindikiro chimatsekukira m'mwamba, ndipo pambali pali kagalasi koonetsa nambala ya kuzizira. M'kati muli kompuresa, kainjini konga ka firiji zazikulu, kamene kamang'ung'udza kwa mphindi zingapo, n'kupuma, n'kudzayambiranso. Firiji yotere imadya magetsi a m'nyumba, imadyanso a batire la galimoto, sisankha.

Anaigulira akazi awo. Mayiwo anali ndi matenda a shuga, ndipo majakisoni awo sankafuna kutentha. Chifukwa cha majakisoniwo, ulendo wautali umene banjali linkaudziwa unali wa kuchipatala. Komatu kukhitchini kunali kalendala yakalekale imene mayiwo ankakana kuichotsa, ya chithunzi cha anthu awiri atakhala pa mipando yopinda kutsogolo kwa tenti, osachita chilichonse.

"Taonani anzathuwa," ankatero akamatsuka mbale. "Angokhala. Ine ndisanafe ndikufuna ndikangokhala chonchi."

A Mawaya atapuma pa ntchito anagula tenti, mipando iwiri yopinda ndi firiji ija. Ndiye mmisiri ndi mmisiri. Masabata awiri athunthu anali chagada pansi pa galimoto, kukoka waya wonenepa kuchokera ku batire mpaka m'kati, kuti firiji izidya ngakhale injini itazima. Akatuluka kumeneko ankaipukuta, kuiyeza ndi mita ya magetsi, kuimvetsera. Akazi awo anaona kuti pakhomo pabwera mpikisano, n'kuipatsa dzina.

"Tiyi wazizira kuno. Kapena mukamwera kwa mkazi mnzanga?"

Tsiku lina a Mawaya anawaitana kuti adzaone zilembo zitatu pa kagalasi paja: H, M ndi L. Anafotokoza monga ankafotokozera madalaivala, pang'onopang'ono, chala chili m'mwamba. Ukaika pa H, firiji imadzizimitsa yokha batire likangoyamba kufooka, kuti galimoto idzathe kulira mawa. Pa M imapirirako pang'ono. Pa L ilibe chisoni, imayamwa mpaka batire litatsala madzi amodzi.

"Ndiye inu mwaika pati?"

"Pa L."

"Nanga galimoto ikakana kulira, tili kutchire?"

"Galimoto amakankha, mayi. Inu ndingakukankheni?"

Mayiwo anaseka mpaka kugwira chitseko. Kenako anadula kapulasitala koyera, kulembapo ndi bolopeni kuti ASAZIME, n'kumata pa chivindikiro. Majakisoni asanu anawaika m'katimo tsiku lomwelo, ati aone ngati mkazi mnzawoyo ndi wodalirika.

Kutatsala masabata atatu kuti anyamuke ulendo wawo wokagona mu tenti, mayiwo anagwa akuyanika zovala. Sanali shuga n'komwe, unali mtima. Pofika kuchipatala n'kuti zonse zitatha.

Majakisoni aja sanatulukemo. Anthu obwera ku maliro atabalalika, a Mawaya ananyamula firiji n'kukaiika kuchipinda, mbali ya bedi imene kunkagona mayiwo, ndipo inakhala pamenepo miyezi khumi ndi inayi, nambala 4 ikuwala pa kagalasi. Magetsi akathima, panali batire lapadera pansi pa bedi. Nyumba ya zipinda zinayi inafupika n'kukhala chipinda chimodzi. Ankadyera momwemo, mbale ili pamwendo, wailesi osatsegula kuti isasokoneze. Kompuresa ikapuma, iwonso ankasiya kutafuna, kudikira. Ikayambanso, ankameza. Anzawo a ku galaja anayesa kuwakopa, ati pali galimoto yatikanika, tabwerani mudzangoimva, koma atakanidwa kangapo anagwa mphwayi. A Mawaya anali osungulumwa koopsa, ndipo mukanawafunsa akanakuuzani kuti ali bwinobwino, akungoyang'anira katundu.

Mwana anali naye mmodzi, wamkazi, wokwatiwa kutali, ulendo wa tsiku ndi theka pa galimoto. Kuyambira ali wamng'ono bambo ake ankamutcha Fyuzi, chifukwa sankachedwa kupsa. Maliro atatha anatsalira sabata imodzi kuthandiza kulongedza zovala za mayi ake. Atafika pa firiji, anati majakisoniwo akawabweze kuchipatala, mwina angathandize wina. Bambo ake anaima pakati pa iye ndi firijiyo, n'kunena mawu amodzi okha, akuti usakhudze. Fyuzi anabwerera kwawo kutatsala masiku awiri kuti sabata ija ikwane.

Khutu anatengera kwa bambo ake omwewo. Akaimba foni, moni asanathe, ankati, "Ndikuimvatu firijiyo. Mwadzitsekeranso kuchipinda, eti adadi?"

Kenako Fyuzi anabereka mwana wamkazi, ndipo miyezi isanu inatha agogo ake asanamuone. Anawaitana katatu. Koyamba a Mawaya anati denga likudontha. Kachiwiri anati matayala atha. Kachitatu, manyazi atawagwira, anapeka bodza lenileni: anati ananyamuka kale, ali pamalo omwetsera mafuta, galimoto yangovuta pang'ono. Ali pakati pofotokoza vutolo, mwaluso ndithu, kompuresa inayamba kung'ung'udza pafupi ndi mwendo wawo. Mkazi mnzawo wa mayi uja anawaulula. Fyuzi anakalipa tsiku limenelo mpaka mayunitsi kutha.

Ulendo wachinayi sanakalipe, ndipo n'zimene zinawaopsa.

"Adadi, Loweruka likubwerali masana tidzadya pamodzi. Mpando wanu ndidzaika. Mukapanda kubwera sindidzakwiya, ndidzangosiya kukuitanani. Ndatopa kumuuza mwanayu kuti agogo akubwera. Mwayi wake ndi woti sanayambe kumva."

A Mawaya ankadziwa kuti fyuzi yopsa ndi phokoso ndi nkhani yaing'ono, umangoika ina. Chimene chimaotcha galimoto ndi waya wotentha mwakachetechete. Anaona kuti akapanda kukakhala pa mpando umenewo, ndiye kuti mwana yekhayo amene anali naye wapita ali moyo.

Ananyamuka Lachisanu m'mamawa, osamuuza. Mawu awo anali atasukuluka, anafuna akaonekere ndi nkhope. Firiji sanaisiye, ndipo sanaizimitse ngakhale kamphindi. Anakoka waya wautali wa m'nyumba mpaka pagalimoto, kulumikiza pulagi ya batire, ndiyeno n'kuzula ya m'nyumba. Anaikhazika pa mpando wakutsogolo n'kuimanga lamba. Tenti ndi mipando zinapita kumbuyo, zikadali m'mapepala a kusitolo.

Pomwetsa mafuta, mayi wothira mafuta anasuzumira pa zenera n'kuseka.

"Bwana, alendo anuwa mwawamanga bwinotu. Muli zoziziritsa kukhosi?"

"Ndi mankhwala a akazi anga."

"Pepani. Mukawapatse moni, achire msanga."

"Akamva," anatero a Mawaya, ndipo anayenda makilomita angapo injini ikudandaula asanakumbukire kusintha giya.

Malo ogonapo anali amene akazi awo anasankha kalekale pokonzekera ulendo uja, otsala maola asanu kuti munthu akafike kwa Fyuzi. Umachoka pamsewu wa phula, kuyenda makilomita anayi a fumbi, n'kupeza bwalo la mchenga, mitengo, mpopi umodzi ndi kanyumba ka zimbudzi. Anafika cha m'ma 3 koloko, dzuwa likuswa mtengo. Panalibe galimoto ina. Woyang'anira malowo, bambo wa njinga yopanda mabuleki, anati nyengo ino sikubwera anthu, magetsi a alendo anawadula kale, ndipo iye amaweruka 5 koloko. Mawa, poti ndi Loweruka, adzafika cha m'ma 10.

"Mukamatuluka mudzangokoka geti. Muli nokha, bambo?"

"Ndili ndekha."

Tenti inawavuta. Pa pepala la malangizo anajambulapo anthu awiri, wina atagwira uku wina uku, ndipo munthu mmodzi akagwira mbali ino, inayo imagwa. Itaima, yopendekeka choncho, anatambasula mpando, n'kupeza kuti manja atambasulanso wachiwiri. Anauyang'ana, koma sanaupinde. Anatsitsa zenera la galimoto n'kukhala pafupi nalo kuti azimva firiji. Uku ndiye kunali kungokhala kuja kwa pa kalendala, ndipo kunalibe kukoma kulikonse.

Kunja kunatentha, m'galimoto munatentha koposa, ndipo kompuresa inkalira nthawi yaitali n'kupuma pang'ono. A Mawaya anawerengera mumtima. Batire la galimoto yawo linali la zaka zisanu, lotopa, loti likanakhala la kasitomala akanamukalipira kalekale. Paja woumba mbiya amaphikira m'phale. Lapadera lija anali atalisiya pansi pa bedi chifukwa cha kulemera. Dzuwa litapendeka anadzuka n'kuika chala pa batani la zilembo zija. Kudina kawiri kokha, L akanakhala H, ndipo galimoto ikanadzalira m'mawa mosavuta. Koma H ankatanthauza kuti nthawi ina kusanache firiji idzakhala chete, iwo ali m'tenti, khutu lili tcheru. Anachotsa chala.

"Lipirira," anadziuza. Sikuti sankadziwa ayi. Dalaivala wina akananena mawu amenewo pamaso pawo, akanamuseka mpaka ku geti.

M'mawa anadzuka 6 koloko, kumeta ndevu pa mpopi, kuvala malaya oyera amene anasita kunyumba, n'kupinda tenti. Mipando anati ilowa pomaliza. Akananyamuka 7 koloko, 12 koloko ikanawapeza pakhomo pa Fyuzi. Anakhala pa chiwongolero n'kupotokola kiyi.

Tche-tche-tche-tche.

Phokoso limenelo analimva kambirimbiri pa galimoto za anthu ena, ndipo nthawi zonse ankayamba ndi kupukusa mutu kuti mwini wake achite manyazi. Lero panalibe womupukusira mutu. Anatenga mita n'kuyeza. Inaonetsa 10.6, pamene batire lamoyo limaonetsa 12 ndi kanthu. Firiji nayo inali ikuvutika. Inkadukiza, kagalasi n'kuphethira, koma batire likangopezako kamphamvu, iyo n'kudzukanso kudzakayamwa.

Anayesa kukankha, phewa pa chitseko, dzanja pa chiwongolero, nsapato zikumira mumchenga. Galimoto inagwedezeka pang'ono n'kubwerera pomwe inali. Galimoto amakankhadi, koma okankhawo ndi anthu, ndipo anthuwo ndiwo panalibe. Bambo wa njinga uja akanafika 10 koloko, komanso nkhalamba ziwiri pa mchenga wotere zikanangothyoka misana. Masana a Fyuzi anali akuthawa. Chinatsala n'kumuimbira.

Foni yawo inali ya mabatani, yopanda kamera. Fyuzi anawatumizirapo yamakono, iwo n'kuibweza, ati ndi ya ana.

"Halo, adadi."

"Mwana wanga, wadzuka bwanji? Ndili m'njira. Ndinanyamuka dzulo, ndagona pamalo paja amayi ako ankanena. Kungoti batire latsika, ndiye ndichedwako pang'ono."

"Mwanyamukadi?" Mawu ake anakwera ngati a kamtsikana. "Muli pati kwenikweni?"

Asanayankhe, pa mpando wa pambali pawo, kompuresa inadzuka n'kuyamba kung'ung'udza.



"Ndaimva, adadi."

"Ayi, ndili nayo m'galimoto. Ndainyamula."

"Ulendo uja munalinso pomwetsa mafuta."

"Tamvera mbalamezi, mwana wanga. Ndili kutchire ine."

"Kunyumba kulinso mbalame." Sanakweze mawu. "Musadzivutitse ndi kupeka, adadi, mwakula. Khalani nayo. Ndamva."

Fyuzi anadula. A Mawaya anaimbanso kawiri, foni inangoitana.

Anakhala manja ali pa chiwongolero. Zinawapweteka kuti tsiku limene anena zoona ndi lomwe bodza lakale lawatsekera pakamwa. Koma mwana sanalakwe. Khutu anamupatsa ndi iwo, chifukwa chokayikira anamupatsanso ndi iwo.

Mankhwala a batire lotsika ankawadziwa, anauzapo madalaivala osawerengeka. Batire lili ngati munthu, lituleni katundu lipume. Mukachotsa chilichonse chimene chikulidya n'kudikira ola limodzi kapena awiri, limadzitolera, ndipo mwina, mwina, limakupatsani mpata umodzi wolizira injini. Umodzi, osati iwiri. Chimene chinkadya batire ili chinali chimodzi chokha, chomangidwa lamba pambali pawo.

Anatsegula chivindikiro. Kampweya kozizira kanawakhudza kumaso. Majakisoni asanu aja anali m'kabokosi kawo, dzina la mayi lili pa kapepala ka kuchipatala. Anavala magalasi n'kuwerenga deti. Mankhwalawo anatha mphamvu miyezi inayi yapitayo. Anali akuziziritsa madzi, ndipo kunena zoona, izinso ankazidziwa. Anatseka. Kapulasitala kaja kanali katada m'mbali, koma zilembo zinkawerengeka bwinobwino.

"Mayi," anatero, "munati asazime, ndipo sanazime. Mwaona nokha. Koma mwana wanu akunditaya."

Anafuna kudikira kuti kompuresa ipume yokha, asaidule pakati pa mpweya. Koma mmisiri wa mumtima mwawo anawakumbutsa kuti mphindi iliyonse ikudya mpata umodzi uja. Anagwira pulagi n'kukoka. Firiji inanjenjemera kamodzi, kagalasi n'kuda.

Anali ataiwala kuti dziko limakhala chete chonchi. Anatuluka n'kukakhala pa mpando wopinda, winawo uli pambali. Khutu linapitiriza kudikira kuti iyambenso, mphindi zisanu, khumi, monga linazolowera, ndipo sinayambe. Pa maliro paja sanalire, anali otanganidwa ndi kulandira anthu ndi kufunafuna mipando. Akazi awo anamwalira miyezi khumi ndi inayi yapitayo, koma kwa a Mawaya anamwalira m'mawa umenewu, pa bwalo la mchenga, ndipo analira mpaka malaya oyera aja kunyowa pachifuwa. Panalibe wowaona. Chaka chonse ankathawa maso a anthu, koma apa analakalaka pakanakhala munthu, ngakhale bambo wa njinga yemweyo, wongoima chapafupi.

Pakatipakati ankadzuka kukayeza. Mita inaonetsa 11.3, kenako 11.7. Batire linkakwera ngati nkhalamba pa masitepe. Itakwana 9 koloko linaima pa 11.9, osafunanso kusuntha. Anayezanso patapita kanthawi, nambala inali yomweyo. Apa ndiye pamene lafika, anatero mumtima.

Sanapotokole kiyi. Anayamba aimba foni. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso.

"Adadi, ndikusambitsa mwana."

"Usayankhule, Fyuzi. Ungomvetsera."

Anadina batani lokweza mawu, kuika foni pa chivindikiro cha firiji, n'kukhala chete. Kuchokera uko kunkamveka madzi a m'beseni, ndi kamawu ka khanda kakuyankhula chinenero chake.

"Ikupuma," anatero Fyuzi patapita kanthawi. "Ndimaidziwa. Iyamba pompano."

"Dikira."

Anadikira. Fyuzi anali ataimva firiji imeneyo pa foni kwa chaka ndi miyezi, ndipo kutalika kwa mpumulo wake ankakudziwa monga ankadziwira tulo ta mwana wake. Mphindi zisanu zinadutsa. Madzi aja anasiya kumveka. Zinakwana khumi, bambo ndi mwana akumvetsera chinthu chimodzi, wina uku wina uko.

"Adadi, yawonongeka?"

"Ayi. Ndazula."

"Mwazula nokha?"

"Ndekha."

"Nanga mankhwala a amayi?"

"Amayi ako sakuwafunanso, mwana wanga."

Anamumva akukoka mpweya, kawiri, katatu, ngati munthu wokwera chitunda. Khanda linayamba kudandaula, iye n'kulitonthoza.

"Ndiye mulidi kutchire?"

"Usadule. Ndili ndi mpata umodzi wokha, ndikufuna uumve."

Anaonetsetsa kuti nyali, wailesi ndi fani zonse n'zozima. Anaponda kilatchi mpaka pansi. Anapukuta dzanja pa thalauza, n'kupotokola kiyi. Sitata inabuula, n'kukhala ngati yaganiza zosiya, inabuulanso, ndipo kachitatu injini inatsokomola n'kugwira. Anaipatsa moto pang'onopang'ono mpaka inakhazikika.

"Imeneyo ndi galimoto ya agogo," anatero Fyuzi, osati kwa iwo koma kwa khanda lija. "Ukumva? Lamba wa injini yake amalirabe chomwecho."

Kenako fyuzi inapsa, ndipo a Mawaya anatseka maso kumvetsera, chifukwa phokoso limeneli anali atalisowa.

"Koma inu adadi, munthu wa magetsi zaka zonsezi, n'kukaphetsa batire kutchire? Osandiuza n'komwe kuti mwanyamuka? Chikanakuchitikirani china kumeneko tikanakufunani kuti? Foni munandibwezera ija bwenzi itakuthandizani lero, koma inu ndi kuuma mutu. Musazimitsenso injiniyo, mwamva? Mufika nthawi yanji?"

"Cha m'ma 2 kapena 3."

"Chakudya chizizira."

"Zozizira ndinazizolowera."

Fyuzi anaseka kudzera m'mphuno yodzaza. "Musathamange," anatero, mawu atatsika. "Mpando sindichotsa."

Injini inali ikulira, batire likudya, ndipo panalibenso choletsa kulumikiza firiji. Pulagi inali pomwepo, pa mpando. A Mawaya anaitola, anaiyang'ana, kenako anakulunga waya wake pa dzanja, mozungulira bwinobwino monga amachitira mmisiri akamaweruka. Anamasula lamba, ananyamula firiji n'kukaiika kumbuyo pamodzi ndi tenti, n'kupindira pamwamba pake mipando iwiri ija.

Anakoka geti monga anawauzira. Mpando wakutsogolo unayenda wopanda kanthu maola asanu onsewo, ndipo wailesi sanaitsegule.